Mlendo Wobwera ndi Galu Wolusa: Chifukwa Chake Tizilombo Tosamva Mankhwala Sitichoka Msanga

Azakhali anga ali ndi zaka 67, ndipo amakhala ndi mwana wawo wamkazi ku Area 47. M'mwezi wa February chaka chatha anayamba kumva kutentha pokodza, kenako kuwawa m'chiuno ndi kuzizidwa usiku. Vutoli silinali lachilendo kwa iwo. Zaka za m'mbuyomo likabwera, ankatuma mdzukulu ku Old Town kukagula makapisozi ochepa kwa ogulitsa apanjira, n'kumwa masiku awiri kapena atatu, ululu ukazilala n'kusiya. Otsalawo ankawasunga m'kachitini ka mabisiketi podikira tsiku lina. Koma chaka chonse chisanafike February ameneyo anali asanamwepo kapisozi ndi mmodzi yemwe, chifukwa ine ndinawachonderera kuti asiye mchitidwewo, ndipo anandimvera.

Ulendo uno tinapita nawo kuchipatala. Anawapatsa mapiritsi, koma sanasinthe. Anawabaya jakisoni wa ceftriaxone masiku atatu, thupi linangotenthabe. Pamenepo anatumiza mkodzo wawo ku labotale, kumene amameretsa tizilombo m'timbale n'kuyesa mankhwala osiyanasiyana kuti aone amene akutipha. Zotsatira zitabwera, dokotala anatiuza kuti wapezeka bakiteriya wotchedwa E. coli, ndipo sakumva amoxicillin, sakumva Bactrim, sakumva cipro, ngakhale ceftriaxone yemwe.

Dokotala atatuluka, azakhali anandiyang'ana n'kunena kuti: "Mwananga, iwe unati ndisiye makapisozi ogula panjira, ine ndinasiya. Chaka chathunthu osamwa. Nanga tizilomboti bwanji sitinaiwale?"

Ndinalibe yankho. Ine ndimangodzipereka pa ntchito ya zaumoyo kumpingo kwathu, kuyeza anthu BP ndi shuga, kuphunzitsa za ukhondo ndi kadyedwe. Sukulu ndinalekezera Fomu 4. Paja safunsa anadya phula, choncho ndinapita kwa m'bale wina amene wagwira ntchito mu labotale zaka zambiri. Tinakhala pakhonde pake madzulo angapo, iye akujambula papepala, ine ndikufunsa, ndipo anandibwereka zowerenga. Yankho la funso la azakhali lilipo, ndipo ndi lofunika kuti banja lililonse lilidziwe.

Vutoli lafika pati kwathu kuno

Azakhali anga sali okha. Pachipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre akhala akupima magazi a odwala otentha thupi kuyambira mu 1998. Mu 2017, Patrick Musicha ndi anzake a ku Malawi-Liverpool-Wellcome Trust anatulutsa zimene anapeza atawerengera magazi oposa 190,000 opimidwa kuyambira 1998 mpaka 2016. Mu 2003, mwa E. coli 100 aliwonse opezeka m'magazi, sankakwana ndi mmodzi yemwe amene ankagonjetsa mankhwala a gulu la ceftriaxone. Pofika 2016 anali 30 mwa 100 aliwonse. Kwa bakiteriya wina wotchedwa Klebsiella, amene amapha kwambiri makanda ongobadwa kumene, chiwerengerochi chinakwera kuchoka pa 12 kufika pa 90 mwa 100 aliwonse.

Muganizire bwino zimenezi. Ceftriaxone ndiye jakisoni amene zipatala zathu zazikulu zimadalira munthu akabwera ali thapsa ndi matenda a m'magazi, chibayo chachikulu kapena matenda oumitsa khosi. Iyeyo akalephera, mankhwala otsala ndi ochepa, odula, ndiponso osowa.

Padziko lonse, kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndiwo anakhudzidwa koposa. Boma lathu linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi vutoli ya zaka za 2017 mpaka 2022, ndipo chaka chilichonse kuyambira pa 18 mpaka pa 24 November dziko lonse limakumbutsana za nkhaniyi.

Mlendo ndi kalumo kake

Kuti timvetse, tiyambe ndi bakiteriya mwiniwakeyo. Ndi kamoyo kakang'ono kosaoneka ndi maso, ka selo imodzi yokha. M'kati mwake muli DNA, imene tingaiyerekeze ndi buku la malangizo a mmene kamoyoko kadyere, kakulire ndi kuswana. Kaswanidwe kake ndi kogawikana pakati: mmodzi amasanduka awiri, awiriwo anayi. E. coli akapeza chakudya ndi kutentha koyenera amagawikana pa mphindi 20 zilizonse, moti m'maola 7 mmodzi yekha amakhala ataposa 2 miliyoni.

Kupatula buku lalikululo, mabakiteriya ambiri amasunganso timphete ting'onoting'ono ta DNA tapadera. Kamphete kotere kamatchedwa pulasimidi, dzina limene anapereka katswiri wa ku America, Joshua Lederberg, mu 1952. Pulasimidi si chiwalo chobadwa nacho cha bakiteriya. Ndi mlendo wokhala m'nyumba mwake, wodya chakudya chake, ndipo amatha kudzikopera n'kuwolokera m'nyumba ya bakiteriya wina, ngakhale wa mtundu wosiyana, mabakiteriya awiriwo akangogundana.

Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Pulasimidi nayonso imabwera ndi mphatso. Ina imanyamula malangizo opangira kachida kotchedwa ESBL, kamene kamaduladula amoxicillin ndi ceftriaxone asanagwire ntchito. Ina imanyamula malangizo okanira Bactrim, ina doxycycline, ndipo kawirikawiri pulasimidi imodzi imanyamula zingapo mwa zimenezi pamodzi, ngati makiyi a pa kamphete kamodzi. Zimenezi zinatulukira koyamba ku Japan m'zaka za m'ma 1950, pamene madokotala anadabwa kuona tizilombo ta kamwazi tikukana mankhwala anayi nthawi imodzi. Mu 1959 akatswiri a kumeneko anasonyeza kuti mphamvu yokana mankhwalayi imatha kusamuka pakati pa E. coli ndi tizilombo ta kamwazito.

Tsono mlendo amadya. Kusunga pulasimidi kumadyera bakiteriya mphamvu, chifukwa nthawi iliyonse pogawikana ayenera kuikoperanso ndi kupanga zida zake zonse. Munthu akamamwa mankhwala, mlendoyo amapindulitsa, popeza mabakiteriya opanda iye amafa, okhala naye n'kutsala. Koma mankhwala akasiyidwa, mlendoyo amangokhala cholemetsa. Komanso mapulasimidi akuluakulu amakhala amodzi kapena awiri okha m'selo, choncho nthawi zina bakiteriya akagawikana, mwana mmodzi amabadwa wopanda pulasimidi. Mwa nzeru wamba, ana opepukidwawa anayenera kuswana msanga kuposa anzawo olemedwa, n'kudzaza malo onse, ndipo pakatha miyezi ingapo mankhwala n'kuyambanso kugwira ntchito. Umu ndi mmene azakhali ankaganizira, ndipo ine ndinkaganizanso chimodzimodzi. Paja timati mlendo ndi mame. Koma mlendo uyu sakamuka dzuwa likatuluka.

Galu wolusa ndi chingwe cha luzi

M'bale uja pofuna kuti ndimve, anandifunsa kuti: "Mlongo, kodi mungathamangitse bwanji mlendo amene wabwera ndi galu wolusa, galuyo akuswana m'nyumba mwanu, ndipo amene amadziwa kupota chingwe chomumangira ndi mlendoyo yekha?"

Ndinati: "Ndingamuthamangitse n'kusiya galuyo ali chimangire."

Iye anati: "Nanga ngati chingwecho ndi cha luzi, chodukaduka tsiku ndi tsiku?"

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mapulasimidi ambiri amanyamula malangizo awiri oyandikana. Oyamba amapangitsa bakiteriya kupanga chiphe, chimene chingaphe bakiteriya mwiniwakeyo. Achiwiri amamupangitsa kupanga chomangira chiphecho, chimene chimakakamira pa chiphe kuti chisagwire ntchito. M'Chingerezi dongosolo limeneli amalitcha toxin-antitoxin. Chinsinsi chake chili pa kusiyana kwa moyo wa zinthu ziwirizi. Chiphe ndi cholimba, chimakhalitsa. Chomangiracho ndi chosalimba, selo imachiphwanya mwamsanga, moti chiyenera kupangidwa chatsopano mosalekeza. Pulasimidi ikadali m'nyumba, malangizo alipo, zingwe zatsopano zikupotedwa, galu ali chimangire, ndipo bakiteriya amakhala bwinobwino.

Ndiye taonani zimene zimachitika pogawikana. Bakiteriya akaduka pakati, zonse za m'kati mwake zimagawidwa kwa ana awiriwo, kuphatikizapo chiphe chomangidwa chija. Tiyerekeze kuti mwana mmodzi sanalandire pulasimidi. Galu walandira, chingwe chakale walandira, koma malangizo opotera chingwe chatsopano alibe. Pakapita kanthawi chingwe chija chimaduka, galu n'kumasuka, ndipo mwanayo amafa kapena amaleka kukula. Otsala ndi okhawo amene asunga mlendo. Motero mbadwo ndi mbadwo, mtundu wonse wa mabakiteriyawo umakhalabe ndi pulasimidi, kaya munthu akumwa mankhwala kaya sakumwa.

Zimenezi si zongopeka. Mu 1983 akatswiri awiri a ku Japan, Teru Ogura ndi Sota Hiraga, anafotokoza dongosolo loyamba lotere pa pulasimidi yotchedwa F ya mu E. coli. Chiphe chake chimatchedwa CcdB, chomangira chake CcdA. M'selo muli kachida kotchedwa Lon, kamene ntchito yake ndi kuphwanya mapuloteni otha ntchito, ndipo ndiko kamadya CcdA. CcdB ikamasuka imakagwira gyrase, kachida kamene kamamasula DNA ikapotana pokopedwa. Gyrase ikagwidwa, DNA imadukaduka, selo n'kufa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti cipro amene timamwayu amapha mabakiteriya pogwira gyrase yomweyo. Ndiye kuti pulasimidi imaloza mwini nyumba pamalo pomwe dokotala amalozapo.

Mu 1986 Kenn Gerdes ndi anzake ku Denmark anafotokoza dongosolo lachiwiri pa pulasimidi yotchedwa R1, imene imanyamula mphamvu yokana mankhwala angapo, kuphatikizapo ampicillin ndi chloramphenicol. Analitcha hok ndi sok, zidule za mawu a Chingerezi otanthauza kupha mwini nyumba ndi kuletsa kuphako. Apa kamangidwe n'kosiyana pang'ono. Chimene chimagwidwa si chiphe chenichenicho ayi, koma kalata yolamula kuti chiphe chipangidwe. Kalata ya hok imakhalitsa. Kakalata ka sok, kamene kamaimata kuti isawerengedwe, kamaonongeka m'kanthawi kochepa kwambiri. Pulasimidi ikatayika, tikalata ta sok timatha, kalata ya hok imawerengedwa, ndipo chiphe chimene chimapangidwa chimaboola khungu la selo.

Kuchokera nthawi imeneyo apezeka madongosolo ambiri otere, ena oduladula makalata a m'selo, ena oimitsa kapangidwe ka mapuloteni. Akatswiri ena amati dongosololi limachititsa bakiteriya kukhala ngati chidakwa: chinthucho chikumudyera mphamvu, koma akachisiya mwadzidzidzi ndiye kuti wapita. Ndipo nkhaniyi ikutikhudza mwachindunji. Mtundu wa ESBL umene umapezeka kwambiri mu E. coli wa m'Malawi muno umatchedwa CTX-M-15. Ofufuza apeza kuti mapulasimidi ambiri onyamula CTX-M-15 sakhala ndi galu mmodzi yekha. Amakhala ndi awiri, atatu kapena kuposerapo, aliyense ndi chingwe chakechake.

Chloroquine anabwerera, koma tisadalire zimenezo

Amene tili ndi zaka za m'ma 40 tikukumbukira chloroquine, kuwawa kwake ndi kuyabwa kwake. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anali atasiya kuchiza malungo mwa ana ambiri, ndipo mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumuchotsa n'kuikapo Fansidar. Kenako panachitika chodabwitsa. Chizindikiro chokana chloroquine, chimene mu 1992 chinkapezeka mwa tizilombo ta malungo 85 pa 100 tilitonse ku Blantyre, chinatsika kufika pa 13 m'chaka cha 2000. Mu 2005 ofufuza anayesanso chloroquine pa ana odwala malungo ku Ndirande, ndipo anachiza pafupifupi onse, 99 mwa 100 aliwonse. Chinachitika n'chakuti tizilombo tokana chloroquine tinali tofooka poyerekeza ndi tinzake, ndiye mankhwalawo atachoka, tinapitiriridwa mpaka kuzimiririka. Apa ndisamveke molakwa: mankhwala a malungo amene boma linakhazikitsa kuyambira mu 2007 ndi LA, ndipo ndi amene tiyenera kulandira tikapezeka ndi malungo.

Nkhani ya chloroquine ndi yotchuka padziko lonse, ndipo inapatsa anthu chiyembekezo chakuti mankhwala aliwonse akapumitsidwa amabwerera mphamvu. Koma tizilombo ta malungo si mabakiteriya, ndipo kukana kwawo chloroquine sikunali pa pulasimidi yokhala ndi galu. Kwa mabakiteriya zakhala zikuyenda mosiyana. Ku Britain, m'zaka za m'ma 1990, anachepetsa kwambiri kupereka mankhwala a gulu la Bactrim, kuchoka pa maulendo oposa 3 miliyoni pachaka mu 1991 kufika pa ochepera 100,000 mu 1999. Atapima E. coli pachipatala china cha mu London, anapeza kuti okana mankhwalawo sanachepe. Anali pafupifupi 40 mwa 100 aliwonse mu 1991, ndipo 46 mu 1999.

Zifukwa zake ndi zingapo, ndipo zimathandizana. Choyamba ndi makiyi a pa kamphete kamodzi aja: ngati pulasimidi imodzi ikukana Bactrim ndi amoxicillin, munthu akamwa amoxicillin yekha amakhala akuteteza zonse ziwiri. Chachiwiri, m'kupita kwa nthawi bakiteriya amazolowerana ndi mlendo wake, katundu uja n'kuleka kumulemera. Chachitatu, pulasimidi imapitiriza kuwolokera m'nyumba zatsopano. Chachinayi ndi galu uja, amene amapha mwana aliyense woyesa kukhala wopanda mlendo. Kulowa kwa mphamvu yokana mankhwala n'kwapafupi, masiku ochepa chabe a makapisozi osayenera. Kutuluka kwake kumatenga nthawi yaitali, ndipo nthawi zina sikuchitika n'komwe.

Mpanda wa njerwa sutsekereza bakiteriya

Mabakiteriya amenewa amakhala kuti pamene sitikudwala? M'matumbo mwathu. E. coli ndi mnzathu wa tsiku ndi tsiku m'matumbo a munthu aliyense, ndipo ali kumeneko savuta. Amavuta akalowa m'chikhodzodzo, mu impso, pabala kapena m'magazi. Nthawi iliyonse tikamwa maantibayotiki, ngakhale pa chifukwa cha chimfine, mankhwalawo amadutsa m'matumbo n'kupha mabakiteriya ofatsa, n'kusiyira malo okhala ndi pulasimidi. Mwina umu ndi mmene zinayendera kwa azakhali. N'kuthekanso kuti anawatengera kwa munthu wina, m'chakudya kapena m'madzi.

Kafukufuku wotchedwa DRUM, amene anachitika m'makomo a ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anapeza mabakiteriya okhala ndi ESBL m'chimbudzi cha anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse, anthu oyenda bwinobwino osadwala. Anawapezanso mu ndowe za ziweto, m'ngalande ndi m'madzi a m'mitsinje, ndipo ankachuluka m'nyengo ya mvula.

Kafukufukuyo anachitikira kum'mwera, koma aliyense amene anayendapo mu Old Town mvula ya January itagwa akudziwa mmene ngalande zimasefukira n'kutsikira mumtsinje wa Lilongwe, ndiponso mmene Lingadzi amanyamulira zonyansa za m'mbali mwake. M'madimba a m'mphepete mwa mitsinje ndi mmene mumachokera ndiwo zamasamba zambiri zimene timagula. Tomato ndi letesi yemweyo amadyedwa ku Mchesi, ndipo amadyedwanso ku Area 10 ndi Area 43. Wogwira ntchito zapakhomo amagona ku Kauma kapena ku Mtandire, m'mawa n'kukaphika ndi kulera ana ku Area 12. Bwana nayenso amabwera ndi ake kuchokera kuchipatala kapena kuulendo wakunja, n'kupatsira wantchitoyo. Pa nkhani iyi mzinda wonse uli ngati banja limodzi lodyera mbale imodzi.

Ndipo tisaganize kuti kumwa mankhwala mwachisawawa ndi vuto la osauka okha. Pa ntchito yanga yodzipereka ndaona mayi wa nyumba yampanda akupatsa mnyamata wosamalira maluwa makapisozi otsala a mwana wake. Ndamva za anzathu a m'maofesi a ku City Centre akugawana cipro ngati maswiti m'mimba mukangotsegula. Ndaonanso oweta nkhuku kuseri kwa nyumba akuthira mankhwala m'madzi a anapiye kuyambira tsiku loyamba, popanda nkhuku yodwala ndi imodzi yomwe, manyowa ake n'kukathira kudimba.

Zimene banja lingachite

Popeza mlendoyu akalowa satuluka msanga, nzeru ndi kusamutsegulira chitseko. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjezeratu mu 1945 kuti kumwa mankhwalawa mosakwanira kudzaphunzitsa tizilombo kuwakana. Nazi zimene tingachite:

Tisamwe maantibayotiki chifukwa cha chimfine. Chimfine, chifuwa wamba ndi kutsegula m'mimba kwa masiku ochepa kawirikawiri zimayamba ndi mavairasi, ndipo amoxicillin sapha vairasi. Pa chimfine pumulani ndi kumwa madzi ambiri. Mwana akatsegula m'mimba mupatseni Thanzi ORS ndi zinki. Koma akamapuma mobanika, akamakana kuyamwa, akafooka kwambiri, akatentha thupi kapena m'chimbudzi mukaoneka magazi, thamangirani naye kuchipatala.

Tisagule makapisozi apanjira. Sitidziwa ngati ali enieni, ngati masiku ake sanathe, kapena ngati akugwirizana ndi matenda athu. Mankhwala otere ayenera kulembedwa ndi wachipatala, n'kutengedwa kuchipatala kapena ku famase yovomerezeka ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Tisakakamize dokotala. Ena timaona ngati sitinathandizidwe tikapanda kubayidwa jakisoni kapena kupatsidwa makapisozi. Dokotala akanena kuti maantibayotiki sakufunika, wakuchitirani zabwino. Mu 2017 bungwe la World Health Organization linagawa mankhwalawa m'magulu atatu: oyambira, ofunika kusamala nawo, ndi osungira pamene zonse zakanika. Amoxicillin ali m'gulu loyamba, pamene cipro ndi ceftriaxone ali m'gulu lachiwiri. Si mankhwala oyambira pa vuto lililonse.

Tikapatsidwa, timwe monga tauzidwira, pa nthawi yake ndi masiku ake. Tisagawireko mnzathu, tisasungire tsiku lina. Ngati mankhwala akukupwetekani, bwererani kwa amene anakupatsani. Otsala ndi otha masiku funsani ku famase kapena kuchipatala za katayidwe kake, osati kuwataya m'ngalande.

Matenda akamabwerezabwereza, makamaka a m'chikhodzodzo kapena bala losapola, funsani ngati n'kotheka kupima ku labotale kuti adziwe mankhwala amene angagwire. Azakhali akanapimidwa zaka zitatu zapitazo, akanapewa makapisozi ambiri opanda phindu.

Amene mumamwa Bactrim tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV, kapena muli pa mankhwala a TB, musasiye. Mankhwala amenewo munapatsidwa pa chifukwa chomveka, ndipo akuteteza moyo wanu. Nkhani ino ikunena za kumwa kosafunikira.

Oweta nkhuku, funsani alangizi a ziweto. Khola laukhondo, madzi abwino ndi katemera zimateteza anapiye kuposa mankhwala othira m'madzi tsiku lililonse. Nkhuku ikalandira mankhwala, dikirani masiku olembedwa papaketi musanaiphe kapena kugulitsa mazira ake.

Pomaliza, matenda amene sitinadwale safuna mankhwala. Kusamba m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi, posintha mwana thewera ndiponso tisanagwire chakudya, kutsuka bwino ndiwo ndi zipatso zodya zosaphika, kuwiritsa kapena kuthira klorini madzi okayikitsa, zonsezi zimadula njira imene pulasimidi imayendamo. Katemera nayenso amathandiza. Malawi linayamba kupereka katemera wa chibayo kwa ana mu 2011, wa rotavirus woteteza kutsegula m'mimba mu 2012, ndi wa typhoid mu 2023. Onani m'buku la kusikelo la mwana wanu ngati analandira onse.

Yankho kwa azakhali

Akatswiri akuyesa njira zogwiritsa ntchito galuyu polimbana ndi mabakiteriya eniakewo: kudula chingwe dala kuti bakiteriya adziphe, kapena kumupatsa chingwe chochokera kwina kuti athe kutaya pulasimidi popanda kufa. Ntchito imeneyi ikadali m'malabotale. Chimene tili nacho m'manja lero ndi mankhwala ochepa amene akugwirabe ntchito, ndi udindo wowasamala.

Azakhali anagonekedwa sabata yathunthu akulandira jakisoni wina wosowa, amene ana awo anachita kusonkherana ndalama kuti apezeke. Anachira. Atatuluka ndinapita kukawaona, ndipo ndinawafotokozera za mlendo, galu ndi chingwe cha luzi, monga ndafotokozera pano. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti: "Ndiye kusiya kwanga kuja kunali kwachabe?"

Ndinati: "Iyayi, azakhali. Mukanapitiriza, mwina ngakhale jakisoni wakuchizaniyu akanakana. Mlendo amene analowa kale sitingamutulutse lero, koma tingaleke kumudyetsa, ndipo tingaletse kuti asawolokere kwa adzukulu anu."

Anakhala chete pang'ono, kenako anaitana mdzukulu wawo uja amene ankamutuma ku Old Town. Anamuuza kuti akatenge kachitini ka mabisiketi kuchipinda. Munali makapisozi amitundu inayi, ena atamatirirana ndi chinyontho, ena opanda ndi dzina lomwe. Anandipatsa kachitini konseko kuti ndikakasiye ku famase, n'kuuza mwanayo kuti akasambe m'manja ndi sopo asanayambe kusenda tomato.